Zala Zinayi

Filomena wafika mokwawa,
pikapu yodzaza kachewere wa ku Ulongwe,
giya itakanirira pa nambala yachitatu
kuyambira pa zitunda za ku Zobuwe.
Fungo ndalimva asanazimitse n'komwe:
chigubu choiwalidwa pambali pa mbaula.

Ndalowa pansi chagada.
Nthaka ya ku Moatize mwezi wa Okutobala
imawotcha msana kupyola pa katoni,
fumbi la malasha lili gwirigwiti m'mano.
Chingwe cha giya ndi icho,
chagona pa mapaipi anayi otuluka m'injini,
khungu lasungunuka, lamatirira,
waya wa m'kati ali pambalambanda.

Si chimene galimotoyi idabadwa nacho.
Chenichenicho akuti uitanitse ku Beira, udikire masabata atatu.
Kachewere adadikirapo ndani?
Ichi adagula ku Matundo,
wogulitsa akulumbira kuti chimakwana paliponse.
Chimakwanadi. Kungoti chatalika ndi chikhatho chimodzi,
ndipo chikhathocho ndicho chidalendewera
kukanyambita moto.

Amene adachiika adamanga ndi timalamba ta pulasitiki.
Sindimutchula.
Tidaphunzirira limodzi kwa malemu Bonifasiyo,
ndipo mawa ndikabwereka jeke kwa iye.

Dimingu, bweretsa chatsopanocho.
Inde, n'chimodzimodzi, cha sitolo yomweyo,
matumba a mayiwa ndi omwewo.
Chingwe chilibe mlandu, mwanawe,
cholakwika ndi njira imene adachidutsitsa.
Tichikweze, chizungulire kuseri kwa giyabokosi,
chikhote pang'onopang'ono ngati msewu wa sitima;
ukachipinda mwaukali chidzalimba m'dzanja la woyendetsa.

Ndadula kachitsulo ku bedi lakale,
ndaboola, ndapinda, ndamanga pa bawuti ya namba khumi ndi ziwiri.
Ndaveka chingwe malaya a ulusi wosapsa,
kamkono komaliza kotsala pa lole ya ku migodi.
Pakati ndaimika chishango,
chivundikiro cha poto chimene mkazi wanga akuchifunabe.

Dimingu akufuna kuchimata pa chingwe penipeni.
Iai. Chitsulo chokhudza moto n'kukhudzanso chingwe
chimangokhala mtengamoto.
Siya mpata uku, siya mpata uko,
mphepo idutse.
Chimene chikuteteza apa ndi malo opanda kanthuwo.

Angati? akufunsa.
Ndalowetsa dzanja: zala zinayi.
Bonifasiyo ankati zitatu,
koma iye sadayendepo masana pa mlatho wa Zambezi
pa mzere wa malole, injini ikubwata pamalo amodzi
mpaka mapaipi kufiira ngati maso a woledzera.
Chachinayicho ndidawonjeza ndekha.
Chipsera cha padzanjali ndiye risiti yake.

Ndiponso injini siikhala phee.
Ukaiponda pa chitunda imatsamira mbali imodzi,
zimene udayeza itagona zimasintha ikadzuka.
Liza, Filomena! Pondani ndithu!
Ndikuyang'ana pansi, thukuta m'maso:
yagwedezeka, yatsamira, yabwerera.
Chingwe chili pomwepo, sichinasunthe.

Akuwerenga mametikali pa boneti,
akudandaula kuti ndalipiritsa mphepo.
Ndati eya, mayi, mphepoyo ndi imene ikakufikitseni.
Waseka, waponya thumba laling'ono la kachewere
pafupi ndi matayala akutha,
wati lotsalalo ndi limenelo, tisamvanenso.

Wabwerera chambuyo, walowa mumsewu wa ku Tete.
Dimingu wayamba kale kutola masipanala.
Ine ndaima, chiguduli m'manja, khutu kumsewu.
Yoyamba.
Yachiwiri, pafupi ndi ogulitsa masau.
Yachitatu yatenga nthawi,
lole ya malasha yadutsa pakati, yameza phokoso lonse,
fumbi lakwera, latsika.

Kenako, kutali uko,
injini yatsitsa mawu.
Yachinayi.

Dimingu, chivundikiro chija
ukakumana ndi mayi ako aang'ono, sudachione.